Labu ya ku Ndirande

Pa mkono wanga wamanja pali chipsera chachitali ngati chala, chowongoka bwinobwino. Zaka zanga zoyamba zophunzitsa pa koleji, chipsera chimenechi chinkagwira ntchito kuposa choko. Tsiku loyamba la kalasi ndinkapinda malaya, kuimika mkono pamaso pa ana, n'kuwauza m'chizungu chotulukira m'mphuno kuti aone zomwe chitsulo chotentha chimachita chikakumana ndi khungu la munthu. Kenako ndinkawonjezera kuti ndinapsa m'labu ku Mangalande, komwe ndinakachita digiri yachiwiri. Bodza lamkunkhuniza! Ku Mangalande ndinapitadi, koma chomwe chinandiwotchako kumeneko ndi tiyi basi. Chipseracho ndinachitenga ku Ndirande, kuseri kwa nyumba ya amayi anga, pa paipi yotchezera kachasu, ndili sitandade folo.

Ndinkaphunzitsa ana ofuna kukhala mainjiniya a zamakemikolo, aja amakathera m'mafakitale a shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Maphunziro anga anali awiri. Ena anali a kayendedwe ka madzi ndi zinthu zina zamadzimadzi m'mapaipi, omwe ana ankangoti Fuluwidi. Enawo anali a momwe kutentha kumachokera pa chinthu china kupita pa chinzake, omwe ankati Hiti. Onse awiri ankawada ndi mtima wonse, ndipo ine ankandida nawo limodzi.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene, aliyense akulankhula za ufulu, ngakhale munthu amene wakuponda phazi m'minibasi. Ufuluwo unafikanso m'labu mwathu, chifukwa makina onse anasankha kupuma. Tinali ndi kondensa yokongola yagalasi, chida chija chimaziziritsa nthunzi kuti isanduke madzi, koma pampu yake inafa ine ndisanayambe ntchito. Akuluakulu ankangoti kachitsulo kake kaitanitsidwa kunja, kali m'njira. Kaya kanadzera njira iti, pakuti mpaka lero sikanafike. Mpopi wa m'labumo nawo ukautsegula unkangotsokomola mpweya. Tangoganizani, munthu wamkulu ndi tayi wako, kuphunzitsa kayendedwe ka madzi m'chipinda momwe madzi sayendamo.

Ndiye ndinkajambula. Ndinkajambula mapaipi pa bolodi, mivi yofiira yoloza uku, mivi yobiriwira yoloza uko, mpaka tsitsi kuyera ndi choko. Ana ankakopera mwaulemu, n'kuloweza masamu ake ngati katekisimu. Chaka chimenecho ndinali ndi ana naini, anyamata eyiti ndi mtsikana mmodzi. Nditawapatsa mayeso a pakati pa temu, mnyamata wina wa ku Bangwe, wolongolola ngati wailesi, anawerengetsa kuti madzi oziziritsira atuluka mu kondensa ali otentha kuposa nthunzi yomwe yawatenthetsa. Anadula mzere pansi pa yankho lakelo kawiri, kusonyeza kuti sakukayika.

Ndinalowa m'kalasi nditapsa mtima.

"Iwe," ndinatero, pepala lake ndikuligwedeza, "unaonapo nsima yotentha kuposa moto umene waiphika? Mutu wakowo umangosungira chipewa?"

Anaimirira, osaopa n'komwe. "Sala, musatikalipire. Ife kondensa yogwira ntchito sitinaionepo. Timangoimva ngati Yerusalemu."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Chinandipweteka n'chakuti mnyamatayo sankanama. Makalata opempha kuti tikaone mafakitale ndinali nditalemba ambirimbiri, osayankhidwa. Ndiye mkwiyo unandilankhulira ndisanaganize. Ndinati Loweruka aliyense abwere ndi kope lake, ndikawaonetsa kondensa yogwira ntchito ndi maso awo. Ana anawomba m'manja. Ine ndinatuluka thukuta, chifukwa mu Blantyre monse kondensa yomwe ndinali ndi chitsimikizo kuti imagwira ntchito Loweruka lililonse inali imodzi yokha, ya amayi anga.

Amayi anachokera cha ku Mulanje ali mtsikana, kutsata abambo anga omwe ankalondera pa fakitale ina. Abambo atamwalira ndinali wamng'ono, ndipo amayi anakana kubwerera kumudzi. Anagula mgolo, anapeza paipi, anayamba kutcheza. Yunifolomu yanga yoyamba inachokera m'paipi imeneyo, nsapato za ku sekondale chimodzimodzi, ngakhale jekete lomwe ndinakwera nalo ndege. Nthawi ya chipani chimodzi apolisi ankabwera kudzaswa mitsuko, amayi n'kugona ku polisi, mawa lake n'kuyambiranso. Ku tchalitchi anawaimitsa kudya mgonero kwa zaka zochuluka, koma Lamulungu lililonse ankapitabe, n'kukhala kumbuyo. Ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kusintha madzi oziziritsira paipi. Hiti ndinaiphunzira kumeneko, ku Mangalande ndinangokatenga pepala lake.

Koma zimenezi pa koleji panalibe amene ankazidziwa. Ndinkakhala ku Soche, nyumba yamagetsi, mpanda wa maluwa kutsogolo. Anzanga akafunsa za amayi ndinkati amachita geni, n'kusintha nkhani msanga. Ndinayesapo kuwauza kuti asiye, ndiziwathandiza ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kuti, "Ndisiye kuti ndizikhala chete kudikira mwezi uthe ngati iwe? Iai, bambo, ine sindinazolowere umphawi wa anthu a tayi."

Lamulungu ndinapita kukawapempha. Ndinawapeza kuseri akusakaniza madeya ndi shuga m'mgolo. Anandiponyera ndowa ndisanakhale n'komwe pansi, akuti nditunge madzi pa mpopi wa aneba madziwo asanasiye kutuluka. Nditabwerako ndinafotokoza za ana anga ndi za pampu yakufa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndiye kusukulu kwanu kwakukulu kuja mulibe paipi? Ubwere nawo. Moto ndimayatsa mmamawa, asachedwe."

Apa ndi pomwe ndikanatsekera pakamwa panga n'kunyamuka. Koma ndinayamba kukanda m'mutu.

"Kungoti, Amayi, anawa amandipatsa ulemu kwambiri. Ndiye sikuti ayenera kudziwa zonse."

"Zonse zake ziti?"

Ndinayang'ana nkhuku yomwe inkatola madeya pansi. Amayi anasiya kuvundula, mthiko uli m'manja, n'kundiyang'ana.

"Oo," anatero. "Ndamva. Usaope, sindikuchititsa manyazi."

Anapitiriza kuvundula. Ine ndinabwerera ku Soche ndikudziyamikira kuti nkhani ndaiyendetsa mwanzeru, chitsiru cha munthu.

Loweruka ana anafika pa siteji atavala makoti oyera a m'labu. Palibe anawauza. Akuti sayansi imafuna ulemu. Ananyamula mathemometa awiri, wotchi yoyezera masekondi, tepi ndi makope. Titatsika minibasi ku msika wa Ndirande n'kuyamba kulowa m'tinjira, anthu anayamba kubisa zinthu. Mayi wina wogulitsa mandasi anavundikira beseni lake, bambo wina wowotcha nyama anathawa n'kusiya mbaula. Ankayesa ndife a zaumoyo tabwera kudzatseka malo. Ine ndinali ndi mavuto anga. Njira yachidule yopita kwathu inkadutsa pa makomo a anthu amene anandiona ndikuyenda wopanda kabudula, choncho ndinawazungulitsa anawo njira yakutali, kutsika mpaka kumtsinje, kukweranso. Pena ndinaima n'kufunsa njira, kuti zioneke zenizeni. Ndinafunsa njira yopita ku nyumba yomwe ndinabadwiramo! Mayi amene ndinamufunsayo anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kuloza ndi mlomo.

Amayi anatilandirira pakhomo. Anali atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi ndi duku watsopano. Anapinda mawondo, manja pamodzi.

"Takulandirani, aphunzitsi. Mwayenda bwanji? Njira simunasochere?"

"Pang'ono, mayi," ndinayankha. Mawuwo anatuluka bwinobwino, osatsamwa. Ndinkayembekezera kuti zindivuta, koma sizinandivute, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero.

Anatitengera kuseri. Amene sanaonepo potchezera kachasu amve. Pamafuwa pamakhala mtsuko waukulu wodzaza ndi madeya owira aja, moto uli pansi. Pakamwa pa mtsukowo pamavundikirika mphika, ndipo polumikizira pake amamata ndi phala la madeya kuti nthunzi isathawe. M'mbali mwa mphikawo mumatuluka paipi, yopendekera pansi pang'ono, yomwe imadutsa m'chibeseni chachitali chosema pa mtengo, chonga kabwato, chodzaza ndi madzi ozizira. Pansi pa kabwatoko pali bowo lotayira madzi, lotseka ndi chitsononkho. Kumapeto kwa paipi kuli kaudzu, ndipo mowa umatsetsereka pa kaudzuko kugwera m'botolo. Woyamba kutuluka ndi umene amati mutu, waukali kwambiri, ndipo ndi umene makasitomala amalimbirana.

Ana anazungulira malowo pakamwa pali yasa. Wa ku Bangwe uja anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Sala! Iyi ndi kondensa!"

"Ayi, ndi Yerusalemu," ndinamuyankha.

Ndinatsegula kope langa kuti ndiyambe kufotokoza, koma palibe ankandiyang'ana. Onse anali kwa amayi. Mtsikana yekhayo m'kalasi anali wa ku Chilomoni, mwana wa telala, Msilamu wosalankhulalankhula, ndipo ndi iye yekha amene ankandiopsa chifukwa mafunso ake sankakhala a m'buku. Anaona amayi akutunga madzi pamwamba pa kabwato, mbali ya kumoto, n'kuthira ozizira mbali ya kubotolo. Anafunsa chifukwa chake sakuthira kumoto komwe kukutentha kwambiri.

"Mwanangu," anatero amayi, "madzi otentha amayandama pamwamba, ndiye uchotse amenewo, apansiwo uwasiye. Ozizira uthire kuno kubotolo. Nthunzi ikamafika kuno imakhala yatopa kale, ndiye ikumane ndi madzi ozizira kwenikweni kuti igonje. Ukathira kumoto, kuno kukhala kofunda, ndipo mowa wako udutsa osaima, uziumva fungo lokha."

Mnyamata wina anamenya kope pa ntchafu. "Aaa! Ndi mivi ija! Yofiira uku, yobiriwira uko!"

Masabata atatu ndinali nditathera pa mivi imeneyo, mawu mpaka kusasa. Amayi anamaliza nkhaniyo ndi chikho chimodzi cha madzi. Kenako anawaonetsa kudontha kwa mowa pa kaudzu. Akuti madontho azitsatana mwaulemu ngati mikanda pa ulusi. Ukayamba kutuluka mothamanga ngati mkodzo wa mbuzi, ndiye kuti moto wachuluka, sololako nkhuni imodzi. Paipi ukaipendeka kwambiri, nthunzi ilibe nthawi yozizira. Ukaigoneka chathyathyathya, mowa ugona m'kati n'kumabwerera. Ana ankalemba ngati akulemba mayeso. Amayi anatenga dontho pa supuni n'kuliwaza pamoto, lawi lobiriwira n'kuti phu! Anyamata anakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

Mumtima ndinanyada, ndisaname. Ndinkafuna kugwira wina paphewa n'kumuuza kuti, ukuwaona amayiwa? Koma ndinali nditadzitsekera ndekha pakamwa, ndiye ndinangogwedeza mutu ngati mlendo wochita chidwi.

Kenaka kunabwera kasitomala kukhomo, akuitana mokuwa. Amayi anapepesa n'kupita kukamuona, akuti tisakhudze kanthu. Ine ndinali nditawerama ndi mtsikana uja, tikuyeza kutalika kwa paipi ndi tepi. Kumbuyo kwathu wa ku Bangwe anali akulamula anzake. Ndinamva akuti kuyeza kwabwino kumafuna kuyambira poyera, madzi onse akhale atsopano, kutentha kwake kodziwika, monga momwe buku limanenera. Ndisanatembenuke ndinamva kuti phu, kenako madzi akukhuthuka. Mwana wa eni ake anali atazula chitsononkho.

Kabwato kanauma m'kanthawi kochepa. Paipi inakhala pamtunda, ndipo kumapeto kwake kunayamba kutuluka nthunzi yoyera, ikulira ngati ketulo. Fungo la mowa linadzaza bwalo lonse. Unali mutu umenewo, ukupita kumwamba amayi asanaugulitse.

Zomwe ndinachita sindinaziganize. Thupi linangokumbukira lokha.

"Iwe galu iwe, mutu ukuthawa!" ndinakuwa m'Chinyanja cha ku Ndirande chomwe anawo anali asanandimvepo. Ndinamulanda chitsononkho, kuchilowetsa pabowo, kuchikhomera ndi chidendene cha nsapato yanga ya ku ofesi. Ndinanyamula ndowa n'kuthira kubotolo, osati kumoto. Ndinatenga chisanza chomwe chinkapachikika pa msomali wake wa masiku onse kuseri kwa chitseko cha khitchini, osachifunafuna n'komwe, kuchinyika n'kuchikulunga pa paipi pafupi ndi mphika. Pachivundikiro panayamba kutuluka kanthunzi. Ndinatapa phala la madeya ndi zala ziwiri n'kumata ndi chala chachikulu, kuzungulira kamodzi. Tayi wanga anali m'phala. Amayi anali atafika kale. Anangogwada n'kusolola nkhuni ziwiri, ine ndikuthira ndowa yachiwiri. Dzanja langa likamatambasuka, chikho chinali kale m'menemo. Tinagwira ntchito imeneyo monga tinkachitira kale, osayang'anana. Nthunzi inachepa, inatha, ndipo pa kaudzu panayambanso kugwa madontho.

Nditaweramuka, ana onse naini ankandiyang'ana. Malaya anga anali atapindika mpaka m'zigongono, madeya mpaka pachipumi.

Wa ku Bangwe ndiye anayamba, monga mwa nthawi zonse. "Sala, koma ndiye mwatiimirira! Izinso zinali pa silabasi ku Mangalande?"

Anzake anaseka. Mpata unali umenewo. Ndikanangoti, ayi, ndinaphunzira pompano, awa ndi amayi anga. Mawu ochepa chabe, osafuna digiri. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona makoti oyera aja, n'kuganiza za Lolemba, za nkhani ikuyenda m'makhonde a koleji, za anzanga akumwa tiyi n'kumati mwana wa mayi wa kachasu. Ndinatsekanso pakamwa.

Amayi ndiwo anandiombola. "Aphunzitsi anuwa anabwera Lamulungu kudzapempha malo," anatero, akukankhira phulusa ndi kamtengo. "Ndinawaonetsa kamodzi kokha. Ali ndi mutu wogwira zinthu msanga. Muziwamvera."

Ana anagwedeza mitu, nkhani n'kutha. Ndinapuma. Inde, ndinapuma ngati munthu amene wapulumuka ngozi.

Koma mtsikana wa ku Chilomoni anali asanamalize. Anali atagwada pafupi ndi amayi, akuwathandiza kusuntha ndowa.

"Mayi, ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Moto uku, madzi uku. Amakuthandizani ndani?"

"Masiku ano ndimachita ndekha. Kale anali mwana wanga."

"Ali kuti pano?"

"Anakula," anatero amayi, maso ali pamoto. "Ali pantchito. Ntchito yabwino ndithu, yovala tayi."

"Amabwera kudzakuonani?"

"Amabwera akapeza mpata."

Ine ndinali nditatsegula kope, ndikuwerenga manambala omwe ndinalemba ndekha ngati ndi kalata yochokera kutali.

Zotsalazo zinayenda mwachisangalalo. Wa ku Bangwe anapepesa atagwada, amayi n'kumuuza kuti akadzapeza ntchito ku fakitale asadzazule chitsononkho cha azungu. Anyamata anapempha kulawa, akuti sayansi siikwana popanda kutsimikiza. Ndinawaloleza kapu imodzi onse, ndipo wina anatsokomola mpaka kugwira mpanda. Potsanzikana amayi anatiperekeza mpaka pa msewu. Anagwira aliyense chanza, pomaliza ine.

"Muyende bwino, aphunzitsi. Zikomo potiyendera."

M'minibasi anyamata ankakangana za manambala awo, nkhani yomwe ndinali ndisanaimvepo pakamwa pawo kunja kwa kalasi. Mtsikana uja anakhala pafupi nane. Titayandikira m'tauni, momwe ankatsikira kukakwera ina, analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana pawindo.

"Sala, amayi aja ali ndi zipsera zitatu pa mkono. Zowongoka, zazitali ngati chala."

Ndinakoka mkono wa malaya kubisa chipsera changa.

"Labu ya ku Mangalande ija ndaiona lero," anatero. Anagogoda denga la minibasi, natsika. Sanauze munthu, mpaka anamaliza sukulu. Akanalalika pa koleji ponse mwina bwenzi zitandipepukira.

Mawa lake ndinapita ku Ndirande, ndi shuga ndi buledi m'jumbo ngati munthu wokapepesa kwa apongozi. Ndinadzera njira yachidule. Masiku onse ndikafika ndinkangozungulira kuseri, amayi n'kundiponyera ndowa. Tsiku limenelo ndinapeza chitseko cha kutsogolo chotsegula, ndipo amayi anatuluka n'kundilozera m'nyumba.

"Lowani, aphunzitsi. Khalani apo."

Apo panali pa mpando wa alendo, uja wa nsalu yoluka pamsana, womwe pankakhala abusa akabwera kudzawadzudzula. Chibadwire ndinali ndisanaukhalepo. Ndinaseka, kuyesa ngati ndi nthabwala.

"Amayi, ana aja kulibe lero."

"Ndikudziwa. Khalani."

Anabweretsa madzi osamba m'manja, atagwada. Anabweretsa tiyi m'kapu yamaluwa ya m'kabati, ndi sosala yake. Anafunsa za ku Soche, za ntchito, ngati ana aja anafika bwino. Kenako anati ndiwakhululukire pang'ono, ali ndi moto kuseri. Ndinaimirira kuti ndiwatsate.

"Iai, khalani. Kuseri kuli utsi, mudetsa zovala."

Ndinakhala. Munthu wa madigiri awiri, kapu yamaluwa m'manja, ndikumvera kudzera pawindo amayi anga akutunga madzi otentha n'kuthira ozizira, kenako kuthamangira kumoto, kenako kubwereranso kumadzi. Khutu langa linkadziwa chilichonse chomwe chinkachitika kumeneko. Ndinadziwa pomwe ndowa inatha, ndinadziwa pomwe anainyamula kupita ku mpopi wa aneba. Tiyi anazizira ndisanamwe.

Pomwe ndinkatsanzika anati ndidikire. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chinthu chachitali chokulunga m'thumba la feteleza. Ndinachidziwa ndisanachigwire. Inali paipi yakale ija, yakuda kumutu, yopindika pang'ono pakati pomwe wapolisi wina anaiponda kalekale.

"Ndagula ina kumsika," anatero. "Iyi tengani, mukaike kusukulu kwanuko. Ana azionera komweko. Kuno n'kutali, ndiponso njira yake ndi yosocheretsa."

"Amayi, ndinalakwa."

"Mwalakwa chiyani? Ana aja aphunzira. Si chimene munkafuna?"

"Amayi..."

"Nyamukani, Lamulungu minibasi zimavuta."

Ndinakwera minibasi paipi ili pakati pa miyendo, ndipo ndinalira kuyambira ku msika mpaka m'tauni. Kondakitala ankayesa ndikuchokera ku maliro, sanandiuze n'komwe kuti ndisunthe.

Paipiyo ndinaiikadi m'labu. Tinapeza mgolo, mmisiri wa pa koleji anatikhomera chibeseni cha malata, madzi tinkatunga ndi ndowa, ndipo tinkatcheza madzi wamba kuti akuluakulu asadwale mtima. Inagwira ntchito zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa, kondensa yagalasi ija ili pakona ikudikirabe kachitsulo kake. Chaka chotsatira, tsiku loyamba la Hiti, ndinapinda malaya n'kuuza kalasi yatsopano zoona zake: chipsera ichi chinachokera pa paipi iyo, paipiyo ndi ya amayi anga, amatcheza kachasu ku Ndirande, ndipo ndi kachasuyo amene wandiimika pano. Mukudziwa chinachitika? Palibe. Denga silinagwe. Mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati zimenezo zibwera pa mayeso. Chinthu chimene ndinagulitsira amayi anga chinali chimenecho basi.

Ndinathamangira ku Ndirande kukawauza. Ndinati ana onse akudziwa tsopano, ndipo akufuna kuti abwere ku koleji adzaone paipi yawo. Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wachita bwino," anatero. "Koma ine kumeneko ndikavala chiyani?"

Sanabwere. Za aphunzitsi zija zinatha patapita miyezi, anayambanso kundikalipira ngati kale, za kuonda kwanga, za kuchedwa kukwatira, za ndevu. Tinkaseka, ndipo wotiona akanati zonse zinabwerera m'malo. Koma kuseri sanandilolenso. Ndinayesa kangapo, tsiku lina mpaka ndinabwera nditavala kabudula ndi patapata, ndowa nditainyamula kale pakhonde. Anailanda m'manja mwanga mwaulemu n'kundilozera mpando uja. Mpaka chaka chomwe tinawaika m'manda, ndikapita ku Ndirande ndinkamwa tiyi m'kapu yamaluwa, iwo ali kuseri akusintha madzi okha.